Khoma Losagundidwa

Kwathu ku Sarralta, m'mapiri a pachilumba cha Corsica, chinthu chikawonongeka sititaya nthawi n'kulembera boma kalata. Timangodikira mpikisano wa magalimoto wa mu Okutobala, chifukwa chilichonse chimene galimoto yampikisano yagunda, eni mpikisano amachimanganso chatsopano. Phula lenilenilo analithira chifukwa cha iwo, ndipo linathera pomwe pamathera liwiro. Sukulu yathu ikudonthabe mpaka lero chifukwa makolo athu, mopanda nzeru, anaimanga kutali ndi msewu.

Tsono a Natale akhala zaka khumi ndi ziwiri pakona yoopsa kuposa zonse m'mudzi muno, khoma la khola lawo la mbuzi litapendekeka ngati munthu wochokera kumowa, koma palibe dalaivala ndi mmodzi yemwe amene anawachitirapo chifundo. Chaka chino anatsimikiza mtima kuti ligundidwa basi. Tsoka lake, woyang'anira kona imeneyo anali Saveria, mayi wogulitsa mankhwala ku Corti, amene pakalembedwa katatu patsiku amati katatu patsiku ngakhale wodwalayo atachira dzulo. Anawapeza mmawa akukoka mitolo ya udzu imene anthu a mpikisano anatchinga nayo khomalo.

"Amalume, mitolo imeneyo mukupita nayo kuti?"

"Mbuzi zili ndi njala."

"Si chakudya cha mbuzi chimenecho, ndi chitetezo." Saveria anatsegula buku lake lamalamulo. "Kona nambala 14, mitolo isanu ndi umodzi. Ine ndikuona iwiri."

"Inayi yadyedwa."

"Ndi mbuzi?"

"Nanga ndi ine?"

Saveria anasuzumira m'kholamo. "Ili apoyi, yonse inayi, yosalumidwa n'komwe."

"Zikupemphera kaye."

"Zipemphere, koma mitolo ibwerere pamalo pake." Anavula jekete nayamba kuikoka yekha.

"Iwe mwana wa Petru, tamvera," anatero a Natale akumutsata pambuyo. "Khoma ili analimanga agogo anga ndi manja awo. Anthu achoke ku Finland, ku Japan, ku Spain, adzadutse pano osaliona? Ukufuna adzaone udzu? Kwawoko kulibe udzu?"

Saveria anaima, mtolo uli m'manja. "Agogo anu enieni?"

"Enieni. Mwala uliwonse anausenza pamsana."

"Kalanga ine! Pepani amalume, sindimadziwa kuti mumalikonda chonchi."

"Eya, ndiye chotsa udzuwo."

"Ndikulonjezani pamaso pa Mulungu, ine ndili pano, palibe tayala limene likhudze khoma limeneli."

"Usalonjeze!"

"Ndalonjeza kale."

"Bweza!"

"Lonjezo si mankhwala olakwika, amalume, silibwezedwa." Anatulutsa wayilesi yake yam'manja. "Likulu, likulu, kuno ndi kona 14. Ndikupempha mitolo ina isanu ndi itatu, ndi matayala akale ngati alipo. Pali khoma lachikumbutso."

"Lachikumbutso chiyani? Ndi khola la mbuzi!"

"Khola la mbuzi lachikumbutso. Ndamaliza."

A Natale anavula kapu, naipinda, naivalanso. "Tandiuza, mwanawe. Khoma la a Marcellu kumtunda uko waliona?"

"Ndaliona. Lokongola."

"Limenelo ndi lachitatu. Loyamba anagunda Mfalansa, lachiwiri Mjeremani. Tsopano ali ndi la simenti, la penti yoyera."

"Kawiri konse? Banja lovutika bwanji!"

"Lovutika?"

"Ndiye n'chiyani? Munthu kugwetseredwa khoma chaka ndi chaka."

"Nanga mayi Ursula? Anawamangira geti lachitsulo, masitepe, ndi khola la nkhuku. Nkhukuzo analibe! Anachita kugula pambuyo pake kuti kholalo lisachite manyazi."

"Ayenera kuti samagona tulo ndi mantha. Inu ndinu amwayi, amalume. Zaka khumi ndi ziwiri popanda ngozi!"

"Mwayi umenewu ukagwere adani anga."

"Mtima wabwino bwanji, kufunira adani zabwino."

Lole ya mpikisano inafika, nitsitsa mitolo ndi matayala, nipita. Khoma lija linabisika lonse, kungotsala kamwala kamodzi pamwamba. A Natale anakayang'ana kamwalako nthawi yaitali, ndipo ine amene ndinali tsidya lina la chingwe chofiira chotchinga oonerera ndinawamvera chisoni, ngakhale ndinali kuseka.

"Chabwino," anatero. "Udzu ukhale. Koma uwauze madalaivalawo pa wayilesi yakoyo kuti kona ino ndi yophweka. Asavutike n'kuponda buleki."

"Buku likuti ndi yoopsa."

"Buku linabadwira kuno? Ine ndimakhota pano ndi maso otseka."

"Pa galimoto?"

"Pa bulu."

"Bulu sathamanga ngati galimoto."

"Sunamuone akamva fungo la chakudya. Uwauze kuti afike ndi moto wonse. Aponde mpaka pansi!"

Saveria anawayang'anitsitsa, kenaka anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndamva. Mukundiyesa. Mukufuna kuona ngati ndikudziwa kuti vuto la kona ino ndi liwiro."

"Sindikukuyesa ayi!"

"Mwanena zoona, amalume, mitolo payokha siikwanira. Likulu, likulu, kona 14. Mwini khoma akudandaula za liwiro."

"Sindikudandaula! Ndikulipempha!"

"Akudandaula mokuwa. Ndikupempha chilolezo choika zopinga ziwiri kumtunda, kuti magalimoto azifika atachepetsa. Mwalola? Zikomo. Ndamaliza."

"Mayi wanga ine!" A Natale anakhala pa tayala. "Kodi ku Corti kwatha anthu aulesi? Chaka chatha anatitumizira wina amene ankangogona pansi pa mkuyu. Munthu wabwino kwambiri. Chinangolakwika n'chakuti kunalibe mvula."

"Musathokoze, ndi ntchito yanga."

Wezulo analira kumtunda. Phiri lonse linayamba kunjenjemera, helikopita ikuzungulira pamwamba, anthu akukuwa m'mitengo ndi pamadenga. Galimoto yoyamba inatulukira ikulavula moto, inafika pa zopinga zija, inazemba kumanja, inazemba kumanzere, ndipo inakhota pakona ya a Natale mwaulemu wonse. Wowerenga njira, amene amakhala pambali pa dalaivala, anapeza ngakhale mpata wokweza dzanja.

"Wandipatsa moni!" anakuwa a Natale. "Wachoka ku Finland kudzandipatsa moni! Ponda moto, iwe! Wanyamula maliro?"

"Musawatukwane, amalume. Ndikudziwa, phokoso likukusowetsani mtendere." Saveria anapisa m'thumba natulutsa thonje. "Kamodzi khutu lililonse."

"Sindikufuna thonje!"

"N'laulere."

Inadutsa yachiwiri, yachitatu, yachisanu ndi chinayi. Iliyonse a Natale ankaikodola ndi kapu, akuloza pomwe panali khoma, ndipo Saveria ankawagwira mkono kuti asamadzivutitse kuthamangitsa magalimoto.

"Taona uyo, wofiirayo! Ameneyo ndi mwamuna. Bwera, mwana wanga, bwera!"

"Akubwera moipa ameneyo," anatero Saveria, wezulo ali kukamwa.

"Akubwera bwino! Usamusokoneze!"

Galimoto yofiira ija inagunda chopinga choyamba, inatembenuka, inabwera chammbali matayala akulira, utsi uli tolo. A Natale anagwada pansi manja ali m'mwamba. Inafika pakhoma, inamira mu udzu, inadunda pa matayala aja, ndipo inabwerera mumsewu n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Kamwala kapamwamba kaja sikanasunthe.

"Mwaona? Mwaona?" Saveria analumpha nawakumbatira. "Pakanapanda matayala aja bwenzi pano palibe khoma! Lirani, amalume, lirani, misozi yachimwemwe siichititsa manyazi."

"Ndisiye!" A Natale anadzimasula. Misozi inalidi kutsika, koma chimwemwe munalibemo. "Iwe mwana wa Petru, uli ndi makutu kapena zokolowekapo magalasi? Ine ndikufuna khomali ligundidwe! Ligwe! Liphwanyike!"

"La agogo anu?"

"Agogo anga anali mmisiri wa vinyo, osati wa miyala! Taona manja angawa. Sindingathenso kunyamula mwala woposa buledi. Ana anga ali ku Marseille, amabwera kudzadya tchizi basi. Kwa a meya ndapitako kasanu ndi kawiri, amangondifunsa za umoyo wa mbuzi. Chisanu chathachi agalu analowera pa mng'alu uwo n'kundiphera tiana tinayi. Chisanu china chikubwera. Ndikataya mbuzizi ine ndatha, wamva? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndimachotsa udzu uja chifukwa palibe wina adzandimangire!"

Saveria anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Nkhope yake inagwa ndithu, pakuti si munthu woipa, kungoti mtima wake uli ndi masamba ndi manambala.

"Bwanji osanena poyamba, amalume?"

"Ndanena tsopano. Magalimoto atsala angati?"

"Makumi atatu ndi awiri."

"Ndiye tithandizane. Iwe uyang'ane kumwamba, uwerenge mahelikopita, ine ndisunthe timitolo tiwiri."

"Dikirani kaye. Mwati khomali n'lofooka?"

"Lofooka? Lovunda!"

"Likhoza kugwa lokha?"

"Mbuzi ikangoyetsemula. Usiku ndimazigoneka mbali inayo."

"Ming'alu ilipo?"

"Ina mpaka mphaka amadutsamo osaweramitsa mutu."

Saveria ananyowetsa chala nayamba kutembenuza masamba. "Mwachita bwino kundiuza. Tsamba 31. Chinthu chimene chinali chowonongeka kale mpikisano usanayambe, woyang'anira achijambule ndi kuchilemba. Chikatero, ngakhale chigundidwe, eni mpikisano sachimanga."

"Chaka chino chokha?"

"Chaka chino ndi zaka zonse zotsatira." Anatulutsa foni. "Tasunthani pang'ono, mukutchinga mng'alu."

A Natale anaimirira msanga kuposa mmene ndinawaonerapo chiyambire. Anatambasula manja kutsogolo kwa khomalo. "Mng'alu uti?"

"Wodutsa mphaka uja."

"Limenelo ndi zenera. Mbuzi zimafuna mpweya."

"Mwanena nokha kuti n'lovunda."

"Ndani? Ine? Unali ndi thonje m'makutu."

"Thonje ndinapatsa inu."

"Ndiye n'chifukwa chake sindinamve zimene ndimanena. Khoma ili, mwanawe, n'lolimba kuposa tchalitchi. Agogo anga anali mmisiri wodziwika chilumba chonse."

"Wa vinyo."

"Wa zonse! Ankamanga mmawa, kumwa madzulo."

"Nanga kupendekekaku?"

"Ndi kamangidwe kakale. Ana a masiku ano simungakamvetse."

"Buku likuti ngati mwini akukana, asonyeze kuti chinthucho n'cholimba, woyang'anira akuona."

"Basi? Chotsa udzu wakowo uone!"

Mpata wa pakati pa galimoto ndi inzake ndi mphindi ziwiri. Saveria anayang'ana wotchi, nakoka mitolo itatu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo khoma linaonekera poyera. A Natale analisisita kaye ngati akulinong'oneza kanthu, kenaka analimenya ndi chikhatho mopepuka.

"Wamva kulira kwake? Chitsulo!"

"Mwangolisisita."

"Ndalimenya!"

"Ndilembe kuti mwalisisita?"

"Taona tsono, iwe wosakhulupirira!" Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, anakoka thalauza, nathamanga n'kulimenya theche ndi nsapato yawo yakumunda.

Poyamba panagwa kamwala kamodzi. Kenaka khoma lonse linakhala pansi, kuyambira pakona mpaka pa chitseko, fumbi n'kukwera mpaka pa mkuyu. Litachepa fumbilo, mbuzi khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitaima pamzere zikuyang'ana msewu, zikubzikula.

"Likulu, likulu, kona 14," anatero Saveria ndi mawu ofatsa. "Khoma lagundidwa. Ovulala palibe."

A Natale anatembenuka pang'onopang'ono. "Wati chiyani?"

"Lagundidwa."

"Osati lagwa lokha?"

"Ayi, ndaona ndi maso angawa. Chithunzi sindinajambule, ndiye tsamba 31 silikugwira ntchito. Lagundidwa pa tsiku la mpikisano, pakona yampikisano, msewu uli wotseka."

"Ndiye buku likuti chiyani?"

"Tsamba 8. Limangidwenso pasanathe masiku makumi atatu."

"Ehe! Ehee!" A Natale anaponya kapu m'mwamba navina pamiyala pomwepo. "Marcellu, wamva kumtundako? La simenti! Mwana wa Petru, ndinakulakwira, ndiwe mngelo. Tchizi chako cha chaka chonse chili kwa ine. Lemba msanga, lemba!"

Saveria anali atayamba kale kudzaza fomu. "Nthawi, 11:42. Malo, kona 14. Nambala ya galimoto?"

"Lemba iliyonse. Yofiira ija."

"Yofiira inagunda udzu. Wagunda khoma ndi nsapato. Munalembetsa nawo mpikisano, amalume?"

"Ine? Ndi bulu?"

"Eni mpikisano amamanga zokhazo zimene zagundidwa ndi amene analembetsa. Ena onse tsamba 8 likuti wagunda ndiye amanga." Anawapatsa cholembera. "Masiku makumi atatu, amalume. Sainani apa, ndipo miyala yanuyi ichoke mumsewu, galimoto ina ikubwera."