Ngaka m'thumba la mbatatesi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndimayendetsa mota, njinga yamoto yonyamula anthu ndi katundu, pakati pa Tsangano ndi Ntengo-Wambalame, ndipo chaka chatha ndinagona m'kadeya, kundende, chifukwa cha nyama yomwe ndinali ndisanaionepo chibadwire. Sukulu ndinalekezera kinta kalase, kalasi yachisanu, ndiye ndingolemba mmene ndimayankhulira.

Ife a mota sitimasula katundu wa munthu. Thumba likasokedwa lasokedwa. Kufunsa za m'kati n'kumutcha mwini wake wakuba, mawa sakweranso yako. Tsiku lina bambo wina wa jekete lachikopa anakweza thumba la mbatatesi pa mota yanga, nati nditsogole, iye akubwera pa mota ina. Nditafika pamene apolisi amaimitsa anthu, thumba linagwedera lokha. Atang'amba, pakati pa mbatatesi panali ngaka, kanyama ka mamba kaja, itadzipinda. Kucheuka m'mbuyo, fumbi lokhalokha. Bambo uja anali atakhota kalekale.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. "Shefi, ine ngaka ndiitani? Ndikaigulitsa kwa yani?" Wapolisi anangoti, "Ukanene kutsogolo, mphwanga. Thumba lili pa mota yako." Ndipo sankanama ayi.

M'kadeya ukali ulibe ntchito. Ukamenya khoma, dzanja lotupa ndi lako lomwe. Anandiuza kuti mlandu wa ngaka ndi wa zaka, osati miyezi. Mvula inagwa, anzanga anabzala nyemba, ine chikhalire pasimenti, mkazi wanga akubwera ndi chakudya mwana ali kumsana. Pemphero langa linali mkangano: "Mulungu, Inu munalipo pamsewu paja. Bwanji muli chete?" Kenako ngakhale mkanganowo ndinatopa nawo. Ndinkangogona choyang'ana kukhoma.

Thandizo linadzera mwa munthu amene sanabwerere ine n'komwe. Dona Felismina, dotolo wa ziweto, anaitanidwa kudzasamalira ngakayo. Anaipeza yowonda, ili ndi bala lakale la waya kumwendo, kusonyeza kuti inasungidwa nthawi yaitali kwinakwake. Akanatha kungoichiritsa n'kumapita. Koma akuti anati atopa kuona a mota okha akugwidwa pomwe ngaka zikuzembetsedwabe. Anapempha kuti aliyense wodziwa kachidutswa ka nkhaniyi akhale pamodzi: wapolisi wofufuza, mlangizi wa zaulimi, oyang'anira nkhalango, ndi mkulu wa gulu lathu la mota.

Ine sindinalipo, anandifotokozera ndi mkulu wathuyo. Akuti poyamba kunali kulimbana, aliyense kukakamira za ntchito yake. Kenako mlangizi anapempha kuona thumba lija. Alimi a mbatatesi kuno amasoka ndi chingwe chogula pamsika. Ili linamangidwa ndi luzi la mombo, mfundo yake ya omanga fodya a ku Macanga. A nkhalango anati kumeneko ndi kumene akhala akutola misampha ya waya. Mkulu wathu anaimbira a mota a ku Furancungo, m'dera la Macanga lomwelo, iwo nati wajeketeyo amamudziwa: amasintha mota pafupipafupi, aliyense angomunyamulira kamtunda kochepa, pasakhale wodziwa kochokera ndi kopita. Zonsezi anthu ankazidziwa kale, koma aliyense kake, osauzana.

Wajekete uja anamugwira ku Macanga komweko akumanga thumba lina. Ine ananditulutsa patapita masabata ena, chifukwa za boma sizithamanga. Ngaka ija itachira anakaisiya kutchire. Panopa gulu lathu linagwirizana kuti thumba losokedwa timaliona kaye, wokwiya akwiye, ndipo tikakayikira timaimbira a nkhalango.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Mota ndinaipeza matayala ataphwa, munda uli thengo, ndipo ena pamsika amandiitanabe kuti "wa ngaka". Ndikamva choncho magazi amawira, ndimangoluma mano. Thupi lidakali lolema.

Koma ndikuthokoza Mulungu amene anasonkhanitsa anthu osadziwana chifukwa cha munthu wopanda dzina ngati ine. Ndikuthokoza Dona Felismina, mkulu wathu, ndi mkazi wanga amene sanaleke kubwera. Inu amene mwatopa mpaka pemphero silikutulukanso, musadziweruze. Ine ndinali nditasiya kupempha pamene Iye ankayankha. Pirirani, abale. Lero ndadzuka m'nyumba mwanga, chitseko ndatsegula ndekha. Ameni.