Bambo Namakhwa, Tulani Foni ya Firiji

Akulu a chipatala chathu, apampando a komiti ya zaumoyo, abusa, ashehe, Mayi Lyness Namakhwa ndi ana, anzanga nonse apantchito, ndakulonjerani. Amene simundidziwa, ndine Sofia, mlangizi wa zaumoyo, uja wobaya ana anu Lachitatu lililonse. Andisankha kuti ndilankhule ati chifukwa pakamwa panga sipauma. Lero paumako, mundipirire.

Bambo Everson Namakhwa akupuma pantchito lero, atatha zaka makumi awiri ndi zisanu pano. Papepala analembedwa ntchito yosamalira pamalo. Koma ntchito yawo yeniyeni tonse tikuidziwa: kutola zotayidwa. Munthu uyu sadutsa dzala la pa Songani osawerama. Mayi Lyness, ndikunama? Kangati mwabayidwa ndi timawaya pochapa thalauza lawo?

Nanga sikelo ija mwaiwala? Ya ana itafa, iwo anakatola ina imene butchala ina ya mu Zomba inataya. Anaisisita, inayaka. Koma pulogalamu ya m'kati mwake anaikhoma kufakitale, yosasinthika. Ndiye mwana akakwera, imaonetsa kulemera kwake, pansi pake n'kuika mtengo wa nyama. Mayi wina anatenga mwana wake n'kubereka, amvekere, "Ndabwera kusikelo kapena kumsika?" Bambo Namakhwa anangomata pulasitala pa mtengopo. Sikeloyo ilipobe, timangosintha pulasitala.

Sekani tsopano, chifukwa zotsalazi si zoseketsa.

Katemera safuna kutentha. Firiji ikazima osadziwa munthu, katemera yense ndi wotaya. Zinatichitikirapo. Inazima Lachisanu, tinazindikira Lolemba. Masabata asanu tinkabweza amayi oyenda pansi kuchokera kuseri kwa phiri, ana kumsana.

Chaka chomwecho lole ya malemu a Hassani inagubuduzika pamsewu wa ku Liwonde. Patapita miyezi, Bambo Namakhwa anakapeza chigoba chake kugalaja, n'kuzulamo kabokosi kolondolera galimoto. Ntchito yake, wakuba akadula batire, kamatumiza uthenga pafoni ya mwini. Iwo anakalumikiza ku waya wa firiji yathu. Magetsi akangoduka, kabokosi kamayesa lole yabedwa, uthenga thwee.

Vuto linali limodzi. Nakonso kanali kokhoma. Kampani imene inakaika inatseka kalekale, nambala yachinsinsi inapita nayo. Analimbana nako miyezi itatu. Anapita nako mpaka ku Limbe kwa akatswiri, onse anapukusa mitu. Kamadziwa nambala imodzi basi, ya malemuwo. Ndiye anapita kwa namfedwa, Mayi Abida, kukagwada, kupempha simukadi ya amuna awo. Mayiwo anati, "Tengani. Ife Mulungu sanatipatse mwana, nambalayo ikalere ana a anzathu."

Kuyambira tsiku limenelo, zaka zisanu ndi zinayi, foni imene anaikamo simukadiyo sinathimepo. Kutchalitchi ili m'thumba. Kumunda ili m'thumba. Ikangolira, njinga, kudzaliza jenereta. Palibe anawatuma. Palibenso mmodzi wa ife anati, "Bwerani nayo sabata ino ndikulandireni." Tinkangowaseka kuti ndi alonda a lole yakufa. Chikhalirecho sitinatayenso botolo ngakhale limodzi. Zikomo, bambo. Zikomo kwambiri.

Tsopano ndinene chimene ndaimirira pano.

Ambiri munalipo pa maliro a mwana wawo Melissa, kwa Malemia. Linali Loweruka masana. Bokosi likutuluka m'nyumba, foni inalira. Bambo Namakhwa anaimba kuno kanayi, osayankhidwa. Anadzuka pakati pa azibambo, natenga njinga. Anthu ananyoza, ena mpaka lero amanena. Pobwerera anapeza manda atakwiriridwa kale. Mayi Lyness, munaima pamandapo opanda amuna anu. Atafunsidwa anati fyuzi inapsa.

Sinali fyuzi. Ndinali ine.

Tsikulo ndinatsala pantchito. Soketi yamoyo m'chipinda chija inali imodzi. Ndinazula firiji kuti ndiwiritse tiyi, ndikuti mphindi zisanu zokha. Anamwino anandiitana kukathandiza mayi wina amene matenda anamuyamba, ndinathamanga, foni yanga n'kuisiya m'chikwama. Ndinaiwala. Bambo Namakhwa anapeza ketulo yanga pasoketi, yolembedwa dzina langa ndi penti yofiira. Anabwezera firiji. Ketuloyo anaitsuka, anakaiika patebulo panga. Sananene kwa akulu, sananene kunyumba, sanandifunse ngakhale ine. Zaka zisanu ndi chimodzi akundipatsa moni m'mawa uliwonse, "Mwadzuka bwanji, achemwali?" Moni ameneyu wakhala akundiwawa kuposa mbama.

Mayi Lyness, mwakhala mukukwiyira munthu wosalakwa. Wolakwa ndine. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndimafuna mungodziwa, asanabwere kudzakhala nanu pakhomo tsiku lonse.

Anzanga, tisanamizane. Maso a bambowa afooka, timawaya sakutionanso. Wolowa m'malo mwawo sanatumizidwe, ndipo sitikudziwa ngati adzabwere. Kabokosi ndi kamodzi komweko, kokalamba. Tsiku limene kadzafe, palibe pano angakadzutse. Ndikuopa, sindibisa. Koma pamene kakupumabe, pafunika thumba loti foniyo igonemo.

Bambo Namakhwa, ndipatseni. Ayi, musayang'ane kwa akulu, ndalankhula nawo kale. Tchaja yakenso. Bweretsani kuno.

Ndalandira.

Pitani mukapume, bambo. Mukalime mpunga wanu, mukamve ulaliki mpaka ameni. Ndipo mawa, Mayi Lyness akalola, mupite nawo kwa Melissa. Mukakhale pamenepo mpaka mutatopa nokha. Palibe chidzakudzutseni.

Tonse tiimirire, tiwaombere m'manja mwamphamvu. Mayi Lyness, inu khalani pansi ngati mukufuna. Mwaima kokwanira.