Ndinayankhulira akamwini anga pa makina otsuka magazi

A wailesi, muwerenge yonse, musadumphe. Ndine gogo wa ku Chintheche. Akamwini anga impso zinafooka, ndiye amakatsukidwa magazi kutauni. Adokotala analamula maola anayi, koma akamwiniwo ankabwerako ali wefuwefu. Ine sindikhulupirira munthu, ndinakwera nawo minibasi.

Nthawi isanakwane, namwino anayamba kuzimitsa makina, amvekere, "Panja pali mzere, bambo." Akamwini anangothokoza kuti "Yewo," ngati apatsidwa usipa waulere. Kwathu mpongozi sachuluka mawu pamaso pa mkamwini, koma ndinadzambatuka. "Mwana wanga, nthawi yawo sinathe. Itanani adokotala." Atabwera, makina anapitiriza mpaka kumapeto! Lamlungu lapitali akamwini anayenda okha kukapemphera ku Bandawe. Anzanga, ulemu usakuphetseni, funsani maola anu.