Boti limene ndinaliyanika padzuwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse, makamaka inu amene mukuwerenga izi mitima ili m'malere. Ine ndine Damiano wa kwa Kaphuka. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ine ndi mkazi wanga Nangondo tinasowa pokhala mvula ili pafupi, ndi mmene nzeru zanga zomwe zinatsala pang'ono kumuphetsa.

M'zaka zija za m'ma 1950 ndinali wocheka matabwa ku Phiri la Dedza. Ntchitoyo ndinkaidziwa, ndipo sindibisa, ndinkadzitama nayo. Lamulo lathu linali limodzi: thabwa labwino ndi louma. Lonyowa limapindika, limawola, limachititsa manyazi mmisiri. Nangondo ankandiseka kuti ndikanakhala ndi mphamvu ndikanayanika ndi nkhungu ya m'phiri yomwe.

Koma nkhungu imeneyo ndi imene inkamudwalitsa. Anali ndi mphumu, ndipo chisanu cha Juni chikafika chifuwa chake chinkalira ngati wezulo. Chaka chimenecho anakomoka kawiri. Asisitere a kuchipatala anandiuza mosapsatira kuti ndikamusunga kumapiri, chisanu china sadzachiona kutha. Ndinasiya ntchito, tinamanga katundu, tinatsika phiri wapansi mpaka kunyanja, kuseri kwa Mtakataka.

Kutentha kunamuthandizadi, koma tinali obwera, ndipo malo omangapo nyumba sitinawapeze. Msodzi wina wachifundo anatibwereka chisakasa pafupi ndi powambira nsomba, n'kutiuza kuti mvula ikayamba adzachifuna. Utsi wa pamenepo unayamba kubweza matenda aja. Kumapiri kunali chisanu, kugombe kunali utsi, ndipo ine ndinkangomuyang'ana mkazi wanga akulimbana ndi mpweya.

Tsiku lina ndinaona boti lakale la matabwa a mlombwa lili m'mabango. Linali la Mmwenye wina wa sitolo amene ankanyamuliramo mpunga, ndipo anali atataya nalo mtima. Ndinaliyesa ndi mapazi, ndinapeza kuti anthu awiri angagonemo n'kutsala pophikira. Ndinaganiza kuti pamadzi palibe utsi, palibenso wokufunsa kuti kwanu n'kuti. Ine amene madzi ndinkawadziwa ofika m'mawondo okha powoloka Linthipe, ndinagulitsa njinga ndi sowo yanga n'kugula boti.

Nditalowamo n'kugwira matabwa, mtima unandiwawa. Anali akuda bii, oterera, okhuta madzi. Ndinati anthu a kunyanja ndi osasamala, mlombwa wabwino chonchi n'kuusiya m'madzi! Ndinapempha asodzi kuti andithandize kulikokera pamchenga. Anayang'anana. Mmodzi anayamba kunena kuti, “Koma achimwene, botitu...” Ine ndinamudula pakamwa, ndinati za nsomba ndi zawo, za matabwa andisiyire. Anangoti chabwino, n'kukoka. Paja safunsa anadya phula.

Ndinaliyanika milungu itatu padzuwa la Okutobala. Ndinalipala, ndinalimangira denga la mabango, ndinakhoma kabedi ndi kashelefu koika mbale. Matabwa anayera bwino mpaka ndinkaitana anthu kuti adzaone. Mipata itayamba kuoneka pakati pa thabwa ndi thabwa, ndinatsekamo nsanza, n'kumadziuza kuti n'zazing'ono.

Tsiku lolibweza m'madzi, mitambo inali itayamba kale kuunjikana pamwamba pa mapiri akwathu. Nangondo anaima pagombe mtolo wa katundu wathu yense uli pamutu. Tinalikankha, linayandama, ndipo ndinatembenuka kuti ndimuitane akwere. Pamenepo ndinamva kuzizira kumapazi. Madzi ankalowa paliponse ngati m'dengu, nsanza zanga zikuyandama. Ndinakapa ndi ndowa mpaka manja anakana, koma boti linakhala pansi, madzi ali m'chiuno. Nangondo anatula mtolo uja pamchenga. Kumuona akutula mtolowo kunandipweteka kuposa kuseka kwa asodzi.

Ndinalibe njinga, ndinalibe sowo, ndinalibe ntchito yobwererako. Anthu atabalalika ndinagwada pamchenga wotentha dzuwa lili paliwombo, korona ili m'manja, koma mawu ake sankatuluka. Ndinapemphera mokwiya. Ndinati, “Ambuye, Inu munayenda pamadzi. Ine sindikupempha zimenezo. Ndikupempha poti mkazi wanga apumirepo basi. Ndidzutsireni boti ili.”

Ndisanadzuke ndinamva munthu akuyenda m'madzi. Anali bambo wokalamba wovala kofia, Msilamu, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Che Bwanali, mmisiri wa maboti. Ine ndi iwo tinali tisanapatsanepo ndi moni yemwe. Anazungulira boti lija akusisita matabwa pansi pa madzi, kenaka anandiyang'ana.

“Kodi ndinu aja a kumapiri munayanika boti ngati chinangwa?”

Ndinavomera nkhope ili pansi.

“Mtengowu ngwamoyo, sunawole. Chotsani dengali, mukatute miyala muikemo. Limire lonse, mpaka milomo yake isaoneke.”

Ndinaganiza kuti akundinyoza. Ndinati ine ndikulira kuti boti lamira, iwo akuti ndilimize?

“Boti lanuli lili ndi ludzu, bambo,” anatero. “Mwalimana madzi milungu itatu. Lisiyeni limwe likhute. Likakhuta silidzamwanso.”

Zonse zimene ndinaphunzira kuphiri zinkakana. Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma Nangondo anandigwira mkono. Akupuma movutika anati, “Bambo, zanu zija mwayesa. Nyamulani miyala.”

Tinachotsa denga, tinalikankhira pakuya, ndinatuta miyala tsiku lonse, ndi manja anga ndinamiza chuma changa chomaliza. Mwala uliwonse ndinkauika ngati ndikukwirira maliro. Pomaliza panalibe choona, madzi okhaokha ndi kamtengo kamene Che Bwanali anazika kuti tisaiwale malo.

Tinadikira masiku asanu. Mabingu ankamveka kumapiri, mwini chisakasa anabwera kudzayang'ana denga lake, ndipo chifuwa cha Nangondo chinkalirabe. M'mawa uliwonse ndinkapita kukayang'ana kamtengo kaja. Che Bwanali akandipeza ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kumapita zawo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa anabwera ndi asodzi aja ndinawadula pakamwa. Tinachotsa miyala, tinalikokera posaya mpaka milomo yake inatuluka, n'kuyamba kukapa. Ine ndinkayembekeza kuti ndowa iliyonse imene ndataya ibwerera pansi. Koma madzi anatsika kuchoka m'chiuno kufika m'mawondo, n'kukhala pomwepo. Anatsika kufika m'akakolo, osabwerera. Kenaka ndinamva chinthu chimene sindidzaiwala: boti linagwedezeka pansi pa mapazi anga, linasiya mchenga, linadzuka lokha ndili momwemo.

Ndinagwada n'kuyendetsa chala m'mipata ija. Munalibe mipata. Pamene pankalowa chala changa, nsonga ya mpeni inakana kulowa. Matabwa anali atafufuma n'kugwirana okha. Abale anga, zaka zonse zimene ndinagwira matabwa sindinalumikizepo awiri mothina chonchija, ndipo apa panalibe msomali watsopano ngakhale umodzi. Madzi amene ndinkawatenga ngati mdani wa mtengo ndi amene anagwira ntchitoyo mwakachetechete, ine ndili kumtunda ndikudandaula. Ndinachita mantha, mantha aja amene munthu amamva akazindikira kuti Mulungu anali pafupi nthawi yonseyi. Ndinalira pamaso pa amuna anzanga, osachita manyazi.

Che Bwanali anamata malo awiri atatu otsala ndi thonje ndi phula. Nditafuna kuwathokoza ndi nkhuku, anakana. Anati ndithokoze amene analenga mtengo ndi madzi kuti zizimvana, ndipo ndisadzaliyanikenso.

Tinabwezera denga, tinalimangirira m'mabango kutali ndi utsi, n'kusamukiramo. Patapita masiku awiri mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu. Ine ndinali chigwadire, ndikupapasa pansi pa boti kufuna podontha, koma panali pouma. Nditatembenuka ndinaona Nangondo atagona pa kabedi kaja, osamveka ngakhale pang'ono. Mtima unandidumpha. Ndinasendeza khutu pafupi ndi mphuno yake. Ankapuma bwinobwino, mofewa, ngati mwana. Ndinali nditaiwala kuti munthu amatha kupuma popanda phokoso.

Tinakhala m'boti limenelo zaka zingapo. Asodzi anandiphunzitsa kupalasa ndi kuwerenga mphepo ya mwera, akundiseka ndithu, ndipo ndinkadya ponyamula nkhuni ndi mbatata zochokera kwathu kumapiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene sindikanaganiza kumufunsa. Inu amene mwapemphera ndipo zinthu zikuoneka ngati zikumira kuposa kale, musathamangire kunena kuti sanamve. Limbani mtima, mverani, dikirani masiku anu asanu. Ine ndinapempha kuti boti lidzuke, ndinapatsidwa miyala yoti ndilimize nayo, ndipo Nangondo ndinakhala naye mpaka tonse tinamera imvi. Dzina la Ambuye litamandike.