Geti ya ku Kabulonga

Ba Pasita, ba mai busa, na imwe nonse abale na alongo, nakupatsani moni mu dzina la Yesu. Ameni? Iyo ameni yafooka monga ine, koma basi. Nifuna kuchitila umboni.

Ndine Tisa, uja amene amai bamati pakamwa panga palibe mabuleki. Nitamaliza giledi twelofu, masamu ananipha, ananiika m'manda, na kukhalapo pamwamba. Ba anti bananipezela nchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa anthu olemela. Nyumba ija, abale, kuchoka ku khichini kupita ku bafa ufunika minibasi.

Tsiku lina Junia, mwana wa ba madamu, alibe na laisensi yomwe, anatenga motoka ya atate bake na kuigunditsa pa geti. Phokoso linamveka mpaka ku Lilayi. Ine ninali kuyanika zovala, ninaona zonse. Ba madamu bananiitana. "Tisa, ba bwana bakabwela ukambe kuti ba Tembo, ba gadi, banatseka geti motoka isanalowe. Wamva?" Ninati namva. Nchito ninali kuifuna, abale. Ninali kuifuna maningi.

Ba bwana banafika, banaona motoka, nkhope bii. Iwo ni akulu ampingo kwao, ndiye banatenga Baibulo pa tebulo na kuniitana. "Ika dzanja apa, ukambe." Ba Tembo, madala wa ana ambili, baimilila pakhomo, chipewa m'manja. Ba madamu bali kunilasa na maso.

Ine nkhani nimaithila mchele, mudziwa. Koma bodza, dzanja lili pa Baibulo? Ninaona kuti nikanama apa, nitsegulila Satana chitseko ine mwini, ndipo kulibe gadi angamutulutse. Ninati, "Ni Junia."

Muganiza bananiveka mendulo? Sabata isanathe, ati nimaba shuga, nyamula chola. Ba Tembo nabo banachotsedwa, ati maso afooka. Choonadi changa sichinasunge nchito ya munthu aliyense. Manje nikhala chabe ku Chilenje. Amai sabakamba na ine, ati ninalavulila m'mbale. Koleji sinizaiona. Napemphela mpaka mawondo auma monga a ngamila, kumwamba zii.

Ba mai Phili, musaniyang'ane choncho, chozizwitsa kulibe. Chimene nili nacho ni ichi chabe. Dzulo ninaona ba Tembo pa msika, bagulitsa makala, thupi latha. Sininabisale. Sininawelame. Bananigwila dzanja na kunidetsa, banati, "Mwanangu, mphawi alibe mboni, koma ine ninali nayo. Mulungu akusunge."

Abale, pa njala Mulungu sananichinjilize, sininame. Ananichinjiliza kuti nisagulitse madala uja. Mawa siniidziwa, siniidziwa konse, koma nimuthokoza.

Sangalalani nane, olo pang'ono. Ombani m'manja mwamphamvu, chifukwa mukakhala chete mumva kuti nilila.