Mabogi asanu a atate

Kale, misewu ya ku Chilenje ikali ya fumbi, sitima ya zidole yochokela kunja tinali kungoionela pagalasi la sitolo m'tauni, ndipo mtengo wake unali woti munthu wamba ungopenya n'kupitilila. Iwe Chisomo, leka kufufuma masaya. Wakana sitima ya waya ija ku City Market ati ni yochipa, ufuna ya m'bokosi ya ku Woodlands. Khala pansi, ine agogo ako ninali wopusa kuposa iwe.

Atate anali kugwila nchito ku njanji, kugogoda mawilo a sitima ndi hamala kuti amve ngati lilipo losweka. Ataona kuti nikulilila ya pagalasi ija, anayamba kutola zitini za mafuta ophikila, ndipo Sondo iliyonse tikachoka ku chalichi anali kukhala pakhonde, kudula, kupinda, kukhoma, mpaka mabogi asanu a sitima anatuluka, okolana ndi ngowe za waya ngati enieni. Akamaliza bogi, anali kugogoda kawilo kalikonse ndi msomali, khutu lili pafupi, osaseka, n'kunena kuti, "Iyi yapasa, ipite."

Koma ine mtima unali ku Kabulonga, kumene amai anali kuchapa ndi kusita m'nyumba ya bwana wina. Mwana wa bwanayo, Mwape, anali ndi sitima ya malaiti yochokela kunja. Tsiku lina nitawapelekeza amai, mabogi anga ali pachingwe, Mwape ananilonjela m'Chibemba nati, "Shani iwe, tichinjane?" Ninamupatsa onse asanu, iye ananipatsa bogi imodzi yofiila, ndipo ninabwelela ku Chilenje nikuyenda monga mfumu.

Ana inu, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyelele. Bogi ija inapangidwila njanji yake ya m'nyumba, pa fumbi lathu tumawilo twake tunangotitimila, ndipo nitaikoka mwamphamvu, kawilo kamodzi kanathyoka.

Atate pobwela ku nchito ananipeza nayo m'manja. Ninayembekeza mkwapulo, koma iwo anaitembenuza, kuiyang'ana pansi, n'kufunsa kuti, "Nanga anga aja, mwana wa bwana anawakonda?" Ninati ee, wasiya ya malaiti, akukoka anu pa kapinga. Anamwetulila pang'ono. "Basi afika patali, alowela pa geti ya kutsogolo."

Sanapangenso ina. Ine manyazi ananigwila pakamwa, sininapemphe, ndipo iwo anayesa kuti za manja awo sinizifuna. Zitini zinapitiliza kuunjikana kuseli kwa nyumba, chifukwa anali kutolabe, kuyembekeza kuti mwina nizakamba. Mbewa ya manyazi inafela kuuna, akulu sananame. Amai ananiuza zimenezi titaika kale malilo a atate, ine nili ndi ndevu, ndipo ninalila kuposa pa manda.

Masiku ano mumayang'ana bokosi ndi mtengo, chodula ndiye chabwino. Sinikuletsani, za kunja nazo n'zokongola. Koma munthu akakupangilani kanthu ndi manja ake, olo kakhale kopindika, muuzeni kuti mwakakonda, ndipo mupemphenso kena akali moyo, akali kumva.