Wagwa Ndiye Wapambana

Mpikisano wa atsikana ovina motsetsereka pa ayezi utatha mumzinda wa Perm, mayi wachikulire ndi bambo wina, osadziwana, ankadikira basi panja pa bwalo. Mayiyo anali atakumbatira chidole, chija owonera amaponyera mwana akavina bwino.

"Mwaziona za lero, bambo? Wagwa chagada uja ndiye wapambana. Mdzukulu wanga Taisiya sanagunde pansi ngakhale ndi chala, koma amuika wachinayi."

"Podumpha amazungulira kangati m'malere?"

"Katatu, osaphonya."

"Winayo kanayi, mayi. Malamulo awo amati ukazungulira kanayi, ngakhale ugwe, amangokudulako pang'ono. Majaji sanabere munthu."

"Ndiye nyimbo amaikiranji? Angowandandalika azidumpha ngati achule. Mukuwaikira kumbuyo chonchi, jaji ndi mlamu wanu?"

"Ayi. Wagwayo, Zlata, ndi mwana wanga."

"Pepani. Nanga bwanji simuli m'katimo kujambulitsa ndi mendulo?"

"Atangoilandira amutengera kuchipatala. Ndi chiuno. Dokotala anatiuza kale kuti mafupa a mwana wa zaka khumi ndi zinayi sangapirire kudumpha kotere."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinamuyankha zomwe ndakuyankhani inuzi."

"Tengani chidolechi mukam'patse. Taisiya wachikana, akuti Lolemba ayamba kuphunzira za kanayizo."

"Ali kuti?"

"Watsalira m'katimo ndi mphunzitsi wake."

"Kam'tengeni, mayi, basi isanafike. Tipitire limodzi, akaone kaye bedi limene mendulo yakagonapo."